Kamera ya pa takishopu: foni yakale, laputopu kapena Tapo?

Chiikireni makamera pa takishopu (kagolosale) yanga ku Dzivarasekwa mumzinda wa Harare, sabata silitha osafunsidwa. Kutchalitchi, kumaliro, ngakhale mu kombi (minibasi) dzana achimwene ena anandikodola kuti "amayi, si inu a kamera aja? Ndigule iti?" Ndiye ndati ndilembe kamodzi aliyense awerenge yekha. Ndayesa njira zinayi, imodzi mwa izo ndikaikumbukira mtima umandiwawabe.

Ndiyambe ndi yomweyo. Ndinagula kakamera ka wifi m'shopu ina m'tauni, kopanda dzina lodziwika, madola 20. Mnyamata wogulitsa anati kamajambula usana ndi usiku, muziona pafoni muli kunyumba. Mwezi woyamba kanagwiradi ntchito, ndimagona mtima uli m'malo. Chimene sanandiuze n'choti mavidiyo kamawasunga pa intaneti kwa eni ake a app, ndipo mwezi umenewo unali wongolawitsa. Utatha, kanasiya kusunga mwakachetechete, koma pafoni chithunzi chimabwerabe ndiye ine ndimati zonse zili bwino.

Tsiku lina m'mawa ndikufika, loko wadulidwa ali pansi, mafuta ophikira, shuga ndi kachitini ka chenji zapita. Manja akunjenjemera ndinatsegula app ija, ikuonetsa kuti china chake chinayenda usiku koma kuti ndione akuti lipirani kaye, ndipo ndi khadi la Visa, EcoCash (ndalama za pafoni) sailandira. Ndinathamangira kwa mwana wa achemwali anga amene ali ndi khadi, tinalipira, kutsegula mulibe kanthu. Amayamba kusunga tsiku lomwe walipira, za m'mbuyo palibe. Ndinatembenuza kakamerako uku ndi uku kufuna poika memori khadi, palibe ngakhale kabowo. Apolisi atandifunsa ngati ndili ndi vidiyo ndinangogwira pakamwa, misozi ili mbwe. Abale anga, musanapereke ndalama funsani kuti vidiyo imasungidwa kuti, ndipo akuonetseni ndi maso pomwe khadi limalowa.

Kenako ndinatenga foni yanga yakale ya Samsung n'kuikamo AlfredCamera, app yosandutsa foni kukhala kamera. Iyi ndimaikonda, sindibisa, inandithandiza nthawi yomwe ndinalibe kalikonse m'thumba. Yaulere imakwana kuonera pompopompo komanso imakudziwitsa munthu akadutsa, kungoti chithunzi chowala bwino ndi cholipira. Ubwino wake waukulu kuno ku Harare ndi batire, magetsi akapita foni imakhalabe moyo maola angapo. Koma mumdima imaona movutikira, ndipo foni yokhala pa chaja usana ndi usiku imatentha, yanga batire linatupa mpaka chivindikiro chakumbuyo kutukuka. Muziyiyang'ana pafupipafupi, makamaka ngati denga ndi la malata.

Ya laputopu ndi webcam (kakamera ka kompyuta) anandiikira mwana wa achemwali yemweyo, ndi pulogalamu ya Agent DVR. Pulogalamuyo ndi yamphamvu, imasunga mavidiyo mu kompyuta mwako momwemo ndipo kuonera uli pa wifi yomweyo ndi ulere. Kuti uonere uli kutali njira yosavuta ndi yolipira pamwezi, ina yotsegula ma port (makomo olowera kuchokera kunja) pa rauta kwa ife a intaneti ya simu khadi inakanika, mwana wa achemwaliyo anati adiresi yathu ya pa intaneti timagawana ndi anthu ambiri. Komanso kusiya laputopu m'takishopu usiku ndi kuwaikira akuba nyambo. Ya muofesi momwe muli alonda ingathe, kwa ine ayi.

Pano ndili ndi kamera ya Tapo C200 ya kampani ya TP-Link, ndipo ndi imene ndimauza aliyense. Ili ndi poika memori khadi, imajambula yokha ngakhale intaneti itaduka, imatembenuka ndi chala chako pafoni, usiku nkhope imaoneka ngati munthu ali pafupi. Nawo ali ndi zosunga pa intaneti zolipira koma sakukakamiza. Ndi ya m'nyumba, musaiike pa mvula, ndipo imagwira wifi ya 2.4GHz yokha. Ndinaikweza pakona pamwamba pa mashelefu a sopo, chifukwa wakuba akaifikira n'kuinyamula ndiye kuti khadi lapita nayo limodzi.

Koma ngakhale Tapo yomweyo, magetsi akazima ndi chidole chabe, ndipo akuba amadziwa bwino nthawi yomwe dera lonse lili mumdima. Ndinagula ka mini UPS, kabatire kosunga magetsi, kodyetsa rauta ndi kamera pamodzi, onetsetsani kuti kali ndi potulukira 12V ya rauta ndi 9V ya kamerayi. Ndalama zikakhala zochepa, bola kugula kamera imodzi ndi ka UPS kusiyana ndi makamera atatu opanda batire.

Za data ndinene pang'ono. Kuonera vidiyo yowala bwino kutha kudya pafupifupi gigabayiti imodzi pa ola, ndiye ine ndimatsitsa kuwala kwake mu app, ndimasuzumira pokhapokha foni ikalira. Foni yakale ija ndinaisinthira batire, pano ili pawindo kwa agogo ku Mufakose, ikuyang'ana pageti.