Ndemanga yanga pa amisiri a ku Booysens amene anandisulira zitsulo za Yamaha XT500

Papita miyezi isanu chitulutsireni njinga yanga yamoto ku shopu ya amisiri ena a ku Booysens, mu mzinda wa Johannesburg, ndipo ndayendapo makilomita opitirira 2,000. Ndinachita kudikira dala ndisanalembe kanthu, chifukwa chitsulo chowotcherera chimaoneka bwino tsiku loyamba ngakhale ntchito itagwiridwa mwachinyengo. Chimadzaulula chokha chikakumana ndi mabampu ndi kutentha. Pano ndingathe kunena ndi mtima wonse kuti pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zinayi. Imodzi yotsalayo anaitaya okha, ndipo ndifotokoza momwe anaitayira.

Njingayo ndi Yamaha XT500 ya 1980. Ndinaigula kwa mayi ena achikulire a ku Kensington amene ndinkawasamalirira maluwa ndi kapinga Loweruka lililonse. Inali ya malemu amuna awo, ndipo inakhala m'galaja zaka zoposa 15 itafunditsidwa kapeti yakale, mbali yomwe denga linkadontha. Ekizozi inali itadyedwa ndi dzimbiri moti ukaifinya inkanyenyeka ngati chigumu. Pansi pa mpando panali patawola. Komabe nditaiona mtima unagunda, chifukwa bambo anga anali mlangizi wa zaulimi ku Ntcheu ndipo ankayendera ka Yamaha kakang'ono. Ine ndi amene ndinkakatsuka Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi.

XT500 inayamba kugulitsidwa mu 1976. Injini yake ndi ya silinda imodzi ya 499cc, magiya asanu, ndipo ilibe sitata, umaliza ndi kiki basi. Ndi njinga yomwe Cyril Neveu anapambanira mpikisano wa Paris-Dakar mu 1979 ndi 1980. Za mu injini sizinandivute kwenikweni, poti SR500 yomwe inatuluka mu 1978 ndi yapachibale, choncho magasiketi ndi fyuluta ya oyilo zimapezeka. Chomwe chimasowetsa tulo ndi tizitsulo ta pa felemu: zogwiriza ekizozi, chitsulo cha pansi pa mpando, timapaipi tolekanitsa tayala ndi felemu. Izi ukazipeza pa intaneti zimakhala ku Ulaya, ndipo ndalama yotumizira imaposa mtengo wa chitsulocho. Mpake mnzanga wina wa ku Rosettenville anandiuza kuti ndisiye kusakasaka, ndipite kwa anthu oti andisulire.

Shopu yake ndi ya madala ena a konkuno ku South Africa, amene amagwira okha makina osemera zitsulo otchedwa lathe. Wowotcherera wawo ndi Mmalawi mnzathu wa ku Ndirande, wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo. Anayambira kupanga mbaula ndi mafelemu a mawindo kumudzi, pano akugwira makina owotcherera a TIG ngati akulemba kalata. Si shopu ya njinga ayi. Ntchito yawo yambiri ndi ya zitsulo za m'mafakitale, njinga amangolandira akakhala ndi mpata, ndipo mfundo imeneyi muisunge chifukwa ndibwereranso pomwepa.

Tsiku loyamba ndinafika ndi felemu pa bakkie ya mnzanga, maganizo anga ali oti angowotcherera mng'alu womwe unali pa paipi yakutsogolo, pafupi ndi pogwirira injini, kenako aitumize kokaipala ndi mchenga. Achimwene aja sanayankhe msanga. Anatsegula chotsekera chomwe chili pakhosi pa felemu, kuseri kwa mahandulo, n'kulowetsamo waya wautali. Atautulutsa unali ndi phala lakuda bii, lonata ngati phula.

"Achimwene, mwaona izi? Felemu iyi ndi thanki ya oyilo. Ndikayika moto apa lero, kuwotchererako kukhala ndi timabowo ngati chisa cha njuchi, mwinanso ibuka moto. Ndipo mukaipititsa ku mchenga ili chotsegula chonchi, mchengawo ukathera mu injini. Simufika nayo ngakhale ku Germiston."

Ndinkadziwa kuti oyilo wa XT500 amakhala mu felemu, koma sindinaganizepo kuti zikukhudzana ndi kuwotcherera. Anachotsa sefa yomwe imakhala kunsi kwa paipiyo, n'kuitsuka felemuyo ndi parafini katatu, masiku osiyana, mpaka zotuluka zinayera. Madala aja anasema pa lathe zotsekera za aluminiyamu za bowo lililonse la oyilo isanapite ku mchenga, ndipo itabwerako anaitsukanso. Pa mng'alupo, achimwene anayamba aboola kabowo kakang'ono kumapeto onse awiri kuti mng'alu usapitirire, n'kukumba kangalande m'litali mwake, kenako n'kudzaza. Kufikira lero pamalopo sipanatuluke ngakhale dontho. Ndimapaona m'mawa uliwonse ndisananyamuke, ndimapasisita ndi chala, chala chimabwera chouma. Zikanakhala kuti anangondichitira zomwe ndinapempha tsiku lija, injini yomwe ndinaigwetsera ndalama zanga zonse ikanatha mwezi usanathe. Ntchito imeneyi yokha ndi imene inandipangitsa kulemba ndemangayi.

Chachiwiri chomwe ndinachiona ndi maso anga ndi cha tayala lakumbuyo. Munthu wina kalekale anataya kapaipi kolekanitsa tayala ndi felemu, n'kungounjikapo mawashala asanu. Tayala linali litapendekera, tcheni chinkadya mano a sipuroketi mbali imodzi. Panalibe chitsanzo choti atengerepo muyeso. Madala anabweza tayala m'malo mwake, anagoneka rula yachitsulo kuchokera pa sipuroketi yakutsogolo kufika pa yakumbuyo, n'kumasuntha tayala pang'onopang'ono mpaka rula inagona bwinobwino mbali zonse. Atatero anayeza mpata wotsala ndi chida choyezera chotchedwa vernier, analemba manambala ndi choko pa tebulo, n'kupita pa lathe. Kachitsuloko anakayesa katatu. Ulendo uliwonse ankabwerera kukachotsako kochepa kwambiri, kopyapyala kuposa chikhadabo. Ntchito yoti wina akanaithamangitsa mphindi khumi inawatengera ola lathunthu, ndipo sanalankhule ndi munthu. Pano ndikakankha njinga popanda kuliza, tcheni chimangoti waa, osagwiragwira, ndipo mano a sipuroketi yatsopano akutha mofanana mbali zonse.

Mazinga a pulagi, a mamilimita 14 aja, anali atatha chifukwa mutu wa injini ndi wa aluminiyamu ndipo wina ankamanga mwankhanza. Anaikamo kachitsulo ka mazinga atsopano, basi nkhani inathera pomwepo.

Ekizozi ndiyo inadya ndalama zambiri. Anaipanga ndi chitsulo chosachita dzimbiri, stainless steel ya 304, kuchokera ku zidutswa zopindapinda kale zomwe ankadula n'kumalumikiza. Ija yowola ine ndinkafuna kuitaya, koma achimwene anandiletsa. Anati chitsulo chowola chimakhalabe ndi nzeru za amene anachipanga, chimakuuza popinda ndi pomwe bawuti imalowa. Anachigoneka pa tebulo n'kumafanizira. Ankangodontheza moto pang'ono kuti zidutswa zigwirane, n'kukaziyesa pa njinga, n'kubwerera kukamasula pomwe sipanakhale bwino. Pomaliza anatseka kukamwa konse kwa paipi n'kudzaza mpweya wa argon mkati asanawotcherere, kuti mkatimo musachite makwinya opserera omwe amadzayambitsa ming'alu. Itayamba kugwira ntchito, pafupi ndi injini inasintha mtundu n'kukhala ngati udzu wouma wa mu Ogasiti, ndipo mmenemo ndi momwe stainless amachitira akatentha. Kulira kwake n'kokulirapo kuposa momwe ndinkafunira. Ndikamanyamuka m'mamawa ndimayamba ndaikankha kutuluka pa geti kuti ndisadzutse ana a eni nyumba. Ndinawauza, anawonjezeramo kachitsulo kochepetsa phokoso mkati, zinasinthako koma osati kwambiri.

Pansi pa mpando anapanga ndi aluminiyamu ya mamilimita awiri. Apa ndi pomwe Ndirande anaonekera. Achimwene anasiya makina onse, anatenga nyundo ndi chipika cha mtengo, n'kumagogoda ngati momwe amisiri a kwathu amapangira ndowa, mpaka chitsulo chinagona pa felemu ngati chinabadwira pomwepo. Siponji ndi chikopa ndinakaikitsa kwina, ku Fordsburg.

Tsopano za nyenyezi ija. Anandilonjeza milungu itatu, zinatenga milungu isanu ndi inayi. Gawo lina ndikumvetsa, magetsi ankathimathima ndipo lathe ndi TIG siziyenda popanda magetsi. Koma chifukwa chachikulu n'chakuti ikabwera ntchito ya fakitale, njinga imakankhidwira kukona n'kufunditsidwa nsanza. Nazonso ndikanamvetsa, chifukwa aliyense amathamangira komwe kuli chakudya. Chomwe chinandipweteka ndi kusandiuza. Mauthenga a pa WhatsApp ankawerengedwa koma osayankhidwa. Kawiri konse ndinasiya ganyu, n'kukwera taxi kuchokera ku Turffontein, kukapeza palibe chomwe chasuntha. Kwa ife amene timalipidwa pa tsiku, theka la tsiku ndi ndiwo za pakhomo komanso kangachepe kotumiza kumudzi. Ulendo wachiwiriwo ndinawauza poyera kuti, "Achimwene, mukanangondiyankha kuti mwatanganidwa, ine sindikanakwiya." Anapepesa, ndipo kuchokera tsiku limenelo ankatumiza chithunzi Lachisanu lililonse. Zikanayenera kukhala choncho kuyambira pachiyambi.

Cholakwika china chinali chachikulu kuposa kuchedwa. Penti ya powder coating sapaka okha, amatumiza kwa anzawo. Mabowo a oyilo ndi mazinga a mabawuti anatseka bwino, koma anaiwala kuphimba nambala ya felemu yomwe inadindidwa pakhosi. Penti yamtunduwu ndi yokhuthala, inakwirira manambala ena mpaka osawerengeka. Ine sindinazindikire mpaka tsiku lomwe ndinapita kukayezetsa ngati njinga ili yoyenera kuyenda pamsewu (roadworthy), woyeza n'kundibweza. Aliyense wa ife amene akukhala kuno akudziwa kuti mlendo safuna kuima pamaso pa wapolisi ndi njinga yomwe nambala yake ikukayikitsa, ngakhale mapepala onse ali m'thumba. Ndinabwerera ku shopu mtima uli m'mwamba. Madala anavomera kuti kulakwa n'kwawo ndipo sanalipiritse kanthu. Anakaniratu kugwiritsa ntchito grinder kapena sandpaper, chifukwa zikande pa nambala zimaoneka ngati munthu amafuna kuifufuta. Anachotsa pentiyo ndi mankhwala osungunula penti ndi kamtengo kosongola, pang'onopang'ono, kenako n'kupakapo vanishi woonekera. Ulendo wotsatira njinga inadutsa. Penti yomweyo inakwiriranso pomwe waya wa earth amagwira felemu. Magetsi a njinga iyi ndi a 6 volts, ofooka kale, ndiye nyali inkangoti phethiphethi ngati koloboyi wotha mafuta mpaka tinapala pamalopo. Amene mukupititsa felemu yanu, musanaisiye matani nokha tepi pa nambala ndi pa malo a earth, ndipo muijambule nambalayo pa foni.

Zonse pamodzi ndinalipira R9,800, pafupifupi theka la ndalamayi ndi la ekizozi. Anafuna theka poyamba, zotsalazo anandilola kupereka kawiri, ndipo ulendo uliwonse ankalemba risiti yofotokoza chomwe ndalipirira. Mtengo sunasinthe ngakhale ntchito inatalika. Si ndalama yochepa kwa munthu ngati ine, ndinaisonkhanitsa miyezi yambiri, koma sindikuona kuti anandidyera.

Njinga italira koyamba, pulagi inkada mwaye ndipo injini inkatsamwa ukaikoka. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake ndi wopepuka, choncho kabureta ya Mikuni ikakhala ndi jet (kabowo kodutsira petulo) yaikulu imamwetsa injini petulo wambiri kuposa mpweya womwe ikupeza. Achimwene sanayerekeze kuigwira. Anati iwo ndi a zitsulo, za kabureta ndipite kwa makaniko wa njinga, n'kundilozera wina wa chapafupi. Ndakumanapo ndi amisiri ambiri, kuno ndi kumudzi komwe, amene savomera kuti pali chomwe sachidziwa mpaka atakuwonongera katundu. Yankho limenelo linandikhazika mtima pansi.

Ulendo wautali woyamba ndinapita ku Hartbeespoort Lamlungu lina m'mawa, kudzera msewu wa R512 wodutsa ku Lanseria. Injini ya silinda imodzi yaikulu chonchi imanjenjemera, ndipo chilichonse chomangidwa mwaulesi chimagwa. Nditabwerera ndinazungulira njinga yonse ndi sipanala m'manja. Chomwe chinasowa ndi kabawuti kamodzi ka chitsulo chotchinga mwendo kuti usapse ndi ekizozi. Ndinaikapo kena ndi guluu wa mabawuti wa Loctite, sikanasunthenso. Zowotcherera zonse zili momwe zinalili tsiku lotuluka, ngakhale ndadutsa nayo m'misewu yokumbika ya kuno kummwera kwa tauni tsiku ndi tsiku popita ku ntchito.

Sabata yatha ndabwererakonso kuti andipangire keriyala yakumbuyo yonyamulira zida zanga za m'dimba. Ndawasiyira yakale yopindika ija kuti atengerepo muyeso. Ulendo uno ndinapempha madala kuti alembe tsiku lomaliza pa risiti ndi dzanja lawo. Anayang'ana ntchito zomwe zinali pa tebulo, anawerenga ndi zala, n'kulemba milungu inayi.