Masitazi ya low vision ija: mmene ndikuionera pano miyezi itapitapo

Anzanga a zamaso angapo mwakhala mukundifunsa ngati masitazi ya low vision rehabilitation (kuthandiza anthu osaona bwino kugwiritsa ntchito maso omwe atsala nawo) yomwe ndinayamba chaka chatha ikugwirizana ndi ndalama zomwe ndikulipira. Poyamba paja ndinkangoyamikira chilichonse poti zinali zachilendo, pano ndadutsa matemu angapo, ndalemba mayeso, ndaonanso odwala ambiri pogwiritsa ntchito zomwe ndikuphunzirazo, nde ndikhoza kuyankha bwinobwino. Yankho langa ndi eya, koma pokhapokha ngati muli ndi odwala oti muziwaona sabata ndi sabata uku mukuphunzira. Opanda zimenezo mungoloweza manotsi basi.

Kwa omwe simuli a ntchitoyi, tikati low vision tikunena za munthu amene saona bwino olo atavala magalasi oyenera, olo atamwa mankhwala kapena kupangidwa opaleshoni, koma si wakhungu. Muyezo wakale wa WHO umati diso labwinolo likuona pansi pa 6/18 (kuona pa mamita 6 zomwe diso labwinobwino limaona pa mamita 18) koma silinatsike kupitirira 3/60. Awa ndi anthu amene kuchipatala timawauza kuti "bambo, apa palibenso chomwe tingachite", iwo nkukwera kabaza kubwerera kumudzi. Mawu amenewa ndinasiya kuwanena, ndipo pa zonse zomwe sukuluyi yandisintha chachikulu ndi chimenechi.

Ine ndikuphunzira pa intaneti ndi yunivesite ina ya ku America, ndili pantchito konkuno. Kuno kwathu digiri ya optometry, ya zoyeza maso, ilipo ku Mzuzu University, aphunzitsi a ana osaona amaphunzira ku Montfort ku Chiradzulu, koma amene akufuna kuzama pa low vision ambiri amayang'ana kunja, ena amapita ku LV Prasad ku Hyderabad ku India, ena amasankha za umoyo wa maso wa anthu onse ku London School of Hygiene and Tropical Medicine. Ine banja ndi ntchito sizikanandilola kuchoka.

Za mavuto a pa intaneti sindichedwapo, mukuwadziwa. Kalasi ya madzulo kwa iwo kuno imakhala pakati pa usiku poti timasiyana maola 6 kapena 7, bandulo imatha msanga ndi mavidiyo, magetsi akazima nthawi ya asayimenti umangodalira pawabanki. Chowawa kwambiri ndi fizi ya madola. Chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023 chilichonse cholipira kunja chinafika povuta, ndipo kupeza dola yeniyeniyo ku banki ndi nkhani ina. Ngati mulibe sikolashipu werengerani kaye ndi akunyumba, musayambe ndi mtima wokha.

Tsopano zomwe zili zokoma. Kale wodwala akalowa ndinkayamba ndi tchati choyezera maso, pano ndimayamba ndi funso loti kodi chomwe mukulephera kuchita ndi chiyani chomwe mukufuna mutamachitanso. Mayankho a kuno ku Mangochi sali m'buku lililonse lomwe tikuwerenga. Mabuku aja adzaza ndi agogo a ku America odwala macular degeneration (matenda a ukalamba owononga kuona kwa pakati) ofuna kuwerenga nyuzipepala kapena kuyendetsa galimoto, pomwe kuno bambo wina wa ku Makanjira amafuna azitha kusoka ukonde wake, mayi wina wogulitsa usipa amafuna azisiyanitsa ndalama pobweza chenji, shehe wina wachikulire amalira kuti timadontho ndi timizere ta pa zilembo za Kurani sakutionanso. Ambiri amayankhula Chiyao ndipo ena sanapite kusukulu, nde tchati cha zilembo sichithandiza, timagwiritsa cha E wotembenuka uja, kwa ana timagwiritsa zithunzi za LEA.

Masamu ake ndi osavuta koma amagwira ntchito mpaka ndimadabwa. Pali lamulo la Kestenbaum, umangotembenuza muyezo wa maso uja, munthu wa 6/60 umagawa 60 ndi 6 nkupeza 10, kutanthauza kuti uyambire pa galasi la +10.00 ndipo awerenge pepala lili pa masentimita 10 kuchokera pa diso. Shehe uja ndinamuyesa chonchi, vuto silinali galasi koma kumuzoloweretsa kuyandikitsa buku pafupi ndi mphuno, poti iye amaona ngati akuononga maso otsalawo. Zinatenga maulendo angapo, tinkakhala pakhonde pomwe pali kuwala kokwanira dzuwa lili kumbuyo kwake, mpaka anayamba kutsata mzere ndi chala. Kuphunzitsa kumeneku ndiye ntchito yeniyeni, kupereka galasi kokha aliyense angathe, ndipo magalasi okulitsira zilembo ambiri omwe anthu analandira kwa alendo a mabungwe ali m'masutikesi chifukwa palibe anawaonetsa kagwiritsidwe kake.

Gawo lomwe landikhudza mtima kwambiri ndi la ana achialubino. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'Malawi muno, ndipo pafupifupi onse amakhala ndi vuto la maso chibadwire, maso amanjenjemera, kuwala kumawapweteka, kambali ka mkati mwa diso koonera zinthu zing'onozing'ono sikanakhwime bwino. Kuno kunyanja nde zimanyanya chifukwa dzuwa limanyezimira pamadzi ndi pamchenga. Koma chomwe makolo ambiri ndi aphunzitsi ena sadziwa nchoti maso amenewa sapitirira kuipa mpaka khungu, ndipo ana ambiri otere safunika braille, amatha kuwerenga zilembo wamba akathandizidwa. Mwana akhale kutsogolo koma osayang'anizana ndi windo, aloledwe kuvala chipewa cha khonde m'kalasi, aloledwe kudzuka kukayang'ana pa bolodi, asamenyedwe chifukwa choyandikitsa kope kumaso, alembe ndi cholembera chakuda kwambiri m'kope la mizere yooneka. Ambiri amakhalanso ndi astigmatism yayikulu (kutsogolo kwa diso kosazungulira mofanana, zinthu nkumaoneka mwachimbuuzi) nde magalasi oyezedwa bwino amasintha zinthu. Nthawi ya mayeso sukulu imulembetse msanga kuti MANEB imukonzere pepala la zilembo zikuluzikulu. Pa zonsezi chogula ndi magalasi ndi chipewa basi, zinazo ndi kukambirana ndi a hedi. Mtsikana wina wa sitandade 6 amene ankangokhala kumbuyo chete pano akukopera yekha za pa bolodi ndi kachipangizo koonera patali ka diso limodzi, mayi ake atandiuza ndinasowa chonena.

Odwala glaucoma, matenda owononga mtsempha wa diso, ndi osiyana, ndipo apa sukulu yandithandiza zedi. Iwowa amataya kuona kwa m'mbali, amakhala ngati akusuzumira mu paipi, nde ukawapatsa galasi lokulitsa kwambiri umangowachepetsera malo oonawo. Chomwe amafunika ndi kuphunzira kutembenuza mutu ndi maso mwadongosolo poyenda, ndodo yoyera ngati zafika pamenepo, komanso kukonza pakhomo. Timauza apabanja kuti nsima aziika m'mbale yakuda kapena yofiira osati yoyera, miyala ya m'mbali mwa njira ya kuchimbudzi aipake laimu, amange chingwe kuchokera pakhomo kukafika kubafa, mbaula ndi ndowa zikhale malo amodzimodzi tsiku lililonse. Mankhwala odonthezera aja asasiye, poti zomwe zatayika ndi glaucoma sizibwerera, timangoteteza zotsalazo.

Foni nayo ndi chipangizo chomwe anthu ali nacho kale. Pa mafoni ambiri a Android pali pokulitsira zilembo ndi TalkBack yomwe imawerenga mokweza, kamera imakulitsa cholembedwa pa botolo la mankhwala a shuga. Ndimalimbikira zimenezi chifukwa munthu wosaona bwino akamapereka foni ndi nambala yachinsinsi kwa wina kuti amutapire ndalama, tsiku lina amadzalira.

Chomwe sindikukhutira nacho ndi ichi. Nthawi yambiri ya kalasi imathera pa makina a magetsi okulitsira zilembo pa sikirini, okwera mtengo kuposa malipiro anga a miyezi ingapo, komanso pa malamulo a inshuwalansi ndi a ziphaso zoyendetsera galimoto a kwawoko, zomwe kuno sizindithandiza olo pang'ono. Mayeso ake ndimalemba, ndimakhoza, koma mtima umawawa ndikaganiza madola omwe ndalipira. Zipangizo zotsika mtengo zilipo, a Hong Kong Society for the Blind amagulitsa kumayiko ngati athu, koma izi ndinazimva kwa mnzanga wa ku Tanzania osati m'kalasi. Chinanso ndi pulakatiko, kuphunzira pogwira odwala enieni, amafuna maola oyang'aniridwa ndi katswiri amene iwo amuvomereza, ndipo anthu otere kuno ndi ochepa kwambiri, nde funsani nkhani imeneyi musanalipire tambala iliyonse, akuyankheni polemba. Kumbukiraninso kuti satifiketi ya CLVT, ya akatswiri a low vision, ndi ya ku America, kuno chomwe chimakulolani kugwira odwala ndi kulembetsa kwanu ku Medical Council of Malawi. Malipiro anga sanasinthe, ngati cholinga chanu ndi kukwezedwa msanga ganizani kawiri.

Ena amandifunsa kuti bwanji osangolimbana ndi ng'ala poti ndiyo yambiri. Zoona, ng'ala imachiritsika ndipo aliyense woyenera opaleshoni ndimamutumiza, sindimupatsa galasi lokulitsira ayi. Dziko lathu linathetsanso trachoma, matenda a maso opatsirana aja, ngati vuto la anthu ambiri, WHO inatsimikiza mu 2022, tonse tinanyadira. Koma alipo omwe anatsala ndi zipsera m'maso, alipo a shuga, a glaucoma, ana aja, amenewa kampeni ya opaleshoni ikabwera amabwezedwa pa mzere.

Vuto lomwe ndikulimbana nalo pano ndi kuwatsatira. Munthu wa ku Katuli kapena kuseri kwa Namwera sangabwere kangapo kudzaphunzira kugwiritsa galasi, thiransipoti yakwera. Nde kafukufuku wanga wa chaka chomaliza ndikufuna akhale pamenepo, kuona ngati alangizi a zaumoyo a m'midzi ndi aphunzitsi angaphunzitsidwe kupitiriza ntchitoyi kumudzi komweko. Amene muli kale ndi zomwe mwayesapo pa nkhaniyi m'maboma ena, chonde tiyankhulane temu isanayambe.