Hill Climb Racing: gemu ya mapedulo awiri yosafuna bandulo

Gemu iyi ndi ya kampani ya Fingersoft ya ku Oulu, Finland, ndipo inatuluka mu 2012. Pa Play Store ndi yaulere. Mukangoidawuniloda basi, imaseweredwa popanda intaneti, ndipo imayenda bwino ngakhale pa itel kapena Tecno yotchipa. Kwa munthu amene wakhala mu minibasi pa depoti ya Mzuzu kudikira kuti idzaze, n'zokwanira.

Mabatani ndi awiri okha: kumanja moto, kumanzere buleki. Mumayamba ndi kajipi pa msewu wa Countryside, n'kumatola makobidi ndi zigubu zofiira za mafuta. Ulendo umatha m'njira ziwiri, mafuta akatha kapena dalaivala akamenyetsa mutu pansi. Chimene chimakola anthu n'chakuti mukagwa mumadziwiratu pamene mwalakwitsa, ndipo kuyambiranso ndi masekondi ochepa chabe. Ndiye mumangoti "kamodzi kokha aka", kuzindikira batire ili pa 10%.

Ongoyamba kumene amalakwitsa chinthu chimodzi: kukanikiza moto osachotsapo chala. Pa chitunda, mphuno ya galimoto imadzuka, n'kugwa chagada. Pondani modukiza, ngati dalaivala wa lole pa zikweza za ku Chiweta. Galimoto ikakhala m'mwamba mapedulo aja amasintha ntchito. Moto umadzutsa kutsogolo, buleki imaweramitsa. Cholinga n'choti matayala onse afike pansi molingana ndi kupendekeka kwa malo amene mukuterapo. Mukatera ndi akutsogolo okha pa mtsetse, mwagubuduzika. Koma musachitenso mantha mopitirira, chifukwa woyenda pang'onopang'ono mafuta amamuthera chigubu chikuoneka poteropo, ndipo mukamapita kutali zigubuzo zimatalikirana.

Pa makobidi, musathamangire kugula galimoto zatsopano. Jipi ili ndi zinthu zinayi zokweza: injini, mashoko, matayala ndi 4WD (kukoka ndi matayala onse anayi). Yambani ndi matayala komanso 4WD. Injini yamphamvu pa matayala osagwira imangopalasa pamodzimodzi, mafuta n'kumatha. Mashoko amathandiza kuti isamanjanje ikatera. Kenako tsegulani msewu wa Moon. Kumeneko galimoto imakhalitsa m'mwamba, ndipo gemu imapereka makobidi owonjezera pa nthawi imene mwayandama komanso pa kutembenuzika kulikonse mukatera bwino. Ndi njira yachangu yosonkhanitsira ndalama za mugemu popanda kutulutsa ya m'thumba.

Zosasangalatsa zilipo. Data ikakhala yoyatsa, pakati pa maulendo pamabwera mavidiyo otsatsa malonda, ndipo amadya bandulo mwakachetechete. Zimitsani data musanatsegule. Ngati mumabwereka ana foni, onetsetsaninso kuti kugula zinthu pa Play Store kukufuna pasiwedi, chifukwa mugemumu muli zogula ndi ndalama zenizeni. Foni ya RAM (memori) yochepa imatha kumagwiragwira ngati Facebook ndi WhatsApp zili zotsegula kumbuyo, ndipo kugwira kamodzi muli m'mwamba ndiye kuti khosi lathyoka. Tsekani zinazo, chepetsani kuwala kwa sikirini. Phokoso la injini nalo limatopetsa, makamaka kwa amene mwakhala nawo pampando.

Hill Climb Racing 2 ya 2016 ili ndi mipikisano yolimbana ndi anthu ena, koma imadalira kwambiri netiweki. Kwa wa foni yaing'ono ndi bandulo yowerengera, yoyambayi ndiye yabwino. Ndikuipatsa 4 pa 5, imodziyo yapita chifukwa cha otsatsa malonda aja.