Glock 17, maganizo a msilikali wopuma

Loweruka tili pa bawo ku Kawale, mnzanga amene tinalowa naye usilikali anayambanso nyimbo yake yakale: "Achimwene, 9mm ndi ya ana, chipolopolo chenicheni ndi .45." Ndinangomuseka, koma nkhaniyo yandikhala kukhosi.

Glock 17, mfuti ya m'manja yowombera zipolopolo za 9mm, ndinaigwirapo pa maphunziro ndisanapume ntchito, ndipo mpaka lero ndimaikonda. Chinandidabwitsa poyamba ndi kupepuka kwake, poti thupi lake ndi la pulasitiki yolimba. Lamba sakukoka m'chiuno ngakhale uyende nayo tsiku lonse padzuwa la Okutobala. Magazini yake imalowa zipolopolo 17, pomwe M1911, mfuti ya .45 imene mnzangayo amaitamayo, imalowa 7 zokha. Ukawombera siidumpha kwambiri, mlomo wa mfuti umabwerera msanga pomwe umaloza. Kuimasula kuti uipukute, ngakhale wophunzira wadzana amatha.

Inde, .45 ndi chipolopolo chonenepa, dzenje lake limaoneka ndi maso. Koma eni ake, asilikali a ku America, anaisiya M1911 mu 1985 n'kutenga Beretta M9 ya 9mm, ndipo mu 2017 anasankha SIG Sauer P320, ya 9mm yomweyo. Asilikali a ku Britain nawo anatenga Glock 17 mu 2013.

Chenjezo langa n'limodzi: ilibe kabatani ka sefite kotsekera ndi chala chachikulu. Chala chako ndicho sefite, chisayandikire thiriga usanafune kuwombera.

Mnzangayo sanagonje. Bawo lokha ndi limene ndinamudya.