Von Frey kapena Hargreaves: kuyeza ululu wa mbewa mu labotale

Von Frey ndi timaulusi ta nayiloni tosiyana kulimba. Mbewa imaima pa sefa wawaya, inu n'kukankhira ulusi kunsi kwa phazi lakumbuyo mpaka utapindika. Ikathawitsa phazi, mumayesa wofewerapo. Njira ya Hargreaves, ya mu 1988, imatenthetsa phazi ndi kuwala kodutsa m'galasi lomwe mbewa yaimapo, makina n'kuwerenga masekondi mpaka mbewa itathawitsa phazi.

Timaulusi n'totchipa, makina a Hargreaves ngodula.

Chinyezi chimafewetsa ulusi, ndipo dzanja la woyeza limasintha zotsatira. Pagalasi vuto ndi mkodzo: umasokoneza kutentha, choncho pukutani. Kuwala kuzime pofika masekondi 20, phazi lingapse.

Wofufuza mitsempha yovulala, pomwe kukhudza pang'ono kumapweteka, atenge von Frey. Hargreaves imayenera wofufuza ululu wa kutentha paphazi lotupa.