Ma pulsar kapena dark matter, ine ndili uku

Anzanga okonda za kuthambo sakundipatsa mpata, funso lake lomwelomwelo, ma positron (mapasa a ma electron koma a chaji ya positive) ochuluka mu ma cosmic ray, tinthu tamphamvu tomwe timafika kuno kuchokera kuthambo, akuchokera kuti? Chiyambireni 2008 pomwe satelayiti ya PAMELA inaona kuti kupitirira 10 GeV (muyeso wa mphamvu ya tinthuti) gawo la ma positron poyerekeza ndi ma electron likukwera m'malo motsika, makina a AMS-02 a pa International Space Station n'kudzatsimikiza mu 2013, olimbirana enieni ndi awiri: dark matter ndi ma pulsar. Za zotsalira za supernova (kuphulika kwa nyenyezi) ziliko koma sizindikoka.

Dark matter, chinthu chosaoneka chomwe timangochidziwa ndi mphamvu yake yokoka, imakoma pa mitu ya nyuzi, koma zolipira zake zobisika ndi zomwe zimandinyansa. Kuti itulutse ma positron ambiri chonchi, tinthu take tiyenera kumawonongana tikakumana pafupipafupi kwambiri kuposa momwe masamu a chiyambi cha chilengedwe amanenera, ndiye oikonda amangochulukitsa nambala. Ukafunsa kuti nanga ma antiproton (mapasa a ma proton) bwanji sanachuluke mofanana, akuti ayi iyi imakonda kubala ma electron, ma muon ndi abale awo basi. Satelayiti ya Fermi yasuzumira mu timilalang'amba tating'ono tozungulira mlalang'amba wathu wa Milky Way kusaka ma gamma ray (kuwala kwamphamvu zedi) a dark matter, zii. Zangokhala ngati foni yotchipa yomwe chaja, batire ndi kava akuti ugule padera.

Pulsar ndiye palibe zoti kaya ilipo kaya kulibe, tikuidziwa kuyambira 1967, chotsalira cha nyenyezi yophulika, chozungulira mwaliwiro ndi maginito oopsa, ndipo chimalavula ma electron ndi ma positron awiriawiri. Pulsar ya Geminga ili pa ma light-year (mtunda womwe kuwala kumayenda pa chaka) pafupifupi 800, ndipo kuyandikirako n'kofunika poti positron yamphamvu imafooka msanga panjira, siingachokere kutali.

Chilema ilinso nacho, sindibisa. Mu 2017 a HAWC, malo owonera ma gamma ray ku Mexico, anapeza kuti mozungulira Geminga ndi pulsar ina ya Monogem tinthuti timafalikira mochedwa kwambiri kuposa momwe timayendera kwina mu mlalang'amba wathu, ena n'kufulumira kunena kuti basi sitingafike kuno. Koma ngati kuthinako kuli pafupi ndi pulsar pokha, tikatulukamo njira ndi yoyera ndipo masamu amathekanso. Komanso kuwala kwa gamma ray komwe HAWC inaona mozungulira ma pulsar amenewa kukusonyeza kuti tinthu tamphamvu zedi tikutulukadi mu pulsar, umboni womwe a dark matter alibe.

Ndiye ine ndili ku pulsar. Ondikokera kwinako abwere ndi gamma ray ya dark matter kaye, tikambirana.