Pokémon Scarlet patatha miyezi 8, gemu ili bho koma wondigulitsa uja mxii

Mnzanga wa ku Namwera anandifunsa dzulo kuti aise ka Nintendo Switch kaja kosewerera magemu ukadali nako, ndikufuna ndimugulire mwana. Ndinayamba kumuyankha koma uthenga unatalika, nde ndangoti bola ndilembe zonse kamodzi.

Switch yanga ndi ya sekeni handi, ndinagula kwa mkulu wina wa pa Boma pompano amene amabweretsa katundu kuchokera ku Joni. Anati muli kale Pokémon Scarlet, ndiwonjezere K40,000 pamwamba. Ine poti ndimadziwa kuti gemu imeneyi yatsopano ndi madola 60 ndinaona ngati ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe.

Gemuyo payokha sindinganame, ndi yokoma. Inatuluka mu November 2022 koma mpaka pano siyikutopetsa. Umayenda dziko lonse la Paldea mmene ukufunira utakwera Koraidon, Pokémon amene amakunyamula ngati njinga yamoto, mabaji alipo 18, ma gym 8, ma Titan 5 ndi misasa 5 ya Team Star. Poyambira ndinasankha Fuecoco, Pokémon wonga ka ng'ona, munthu wokulira m'mbali mwa Shire ungasiye ng'ona nkutenga bakha? Batire imanditengera maola atatu ndi kanthu, magetsi akathima madzulo ndi imeneyo basi. Chenjezo limodzi, adani sakula molingana ndi iwe, ukasochera nkulowa dera la akuluakulu amakuswa osakufunsa dzina. Ndipo pa Casseroya Lake gemu imayenda mokoka miyendo ngati kabaza wokwera chitunda atanyamula matumba awiri, koma ndimapitabe chifukwa cha Dondozo, chimlamba chenicheni, ndi ka Tatsugiri kamene kamalowa mkamwa mwake. Mphwanga ataona anakuwa kuti achimwene iyi ndi chambo yasunga ana mkamwa! Tinaseka mpaka amayi kutulukira kukhitchini.

Tsopano nkhani yeniyeni. Miyezi iwiri yoyamba zonse myaa. Kenako tsiku lina ndikutsegula gemu, pa sikirini pakubwera uthenga woti ikuyang'ana kaye ngati gemuyi ingaseweredwe, ikufuna intaneti. Ndinayatsa hotspot ya foni, inatseguka, ndinati mwina ndi za lero lokha. Mawa lake chimodzimodzi. Mphwanga pa profile yake inakaniratu. Ndi mnyamata wina wokonza mafoni mumsika amene anandimasulira kuti gemu yanga siya kakhadi, ndi yodawunilodi pa akaunti ya mwini wake, ndipo akauntiyo yasamutsidwira pa Switch ina. Ndiye kuti ine ndine wobwereka chabe pa chinthu choti ndinalipira. Bandulo ikatha palibe kusewera, neti ikavuta palibe kusewera, pomwe chimene ndinagulira nchakuti ndizisewera popanda neti.

Chinandipweteka kwambiri ndi cha Loweruka lina mu October, kutentha kwa kuno mukukudziwa, ndili pa khonde malaya ndavula thukuta kamukamu, ndikumenyana ndi Larry wa gym ya ku Medali. Ndinali nditagonja kawiri, ulendo uno ndamutsalira Pokémon mmodzi yekha Staraptor, Skeledirge wanga (Fuecoco uja atakula) watsala kamoyo pang'ono, mwadzidzidzi gemu yaima, akuti akaunti yomweyi ikusewera pa makina ena. Wina kwinakwake wayatsa yake, ine kuno ndatulutsidwa ngati mlendo wa pa ukwati wopanda khadi. Apa mpamene ndinazindikira kuti mkulu uja gemu imodzi anagulitsa kwa anthu awiri, kaya atatu.

Ndinamuimbira. Ndinati akulu, gemu munandigulitsa ija ikunditulutsa. Iwo amvekere achimwene musadandaule ndi neti ya kwanuko, ndikonzerani Lolemba. Lolemba linakhala Lachisanu, kenako ali pa Mwanza akudikira katundu, kenako foni osayankha. Nthawi imeneyo ukanandifunsa ndikanati Pokémon ndi zachibwana usataye ndalama, Switch ndinaiponya mu sutikesi milungu itatu.

Mapeto ake msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anandigulira kakhadi ka Scarlet kogwiritsa kale ntchito, kanabwera ndi munthu wa pa basi. Mtima unali phaphapha kuti ndiyambiranso pa ziro, maola onse aja, ma Pokémon oposa 200 mu Pokédex, mndandanda wa ma Pokémon 400. Ndalowetsa kakhadi, ndatsegula pa profile yomwe ija ya mkulu uja imene ndinkasewerera, zonse zilipo! Kani save imakhala mu Switch momwemo osati mu gemu. Larry ndinamumaliza usiku womwewo, ndipo nditamva mathero a nkhani ya mnyamata Arven ndi galu wake Mabosstiff nkufika ku Area Zero, dera lomaliza la gemu, ndinakhululukira gemuyo zonse. Kungoti profile ya mkulu uja sindingaifufute, save ya Pokémon siyisungika pa cloud, nde dzina lake ndimaliona tsiku ndi tsiku ndikamayatsa.

Kwa mnzanga wa ku Namwera ndinati gula, mwana asangalala ndipo Chingerezi chake chiwongoka poti muli zowerenga zambiri. Koma gemu ikhale ya kakhadi choti uchigwire m'manja, akakuuza kuti muli kale magemu usawonjezere ngakhale K1. Ine ndaigula kawiri, kuphatikiza mabandulo a miyezi itatu, ndikawerengetsa yandidyera kuposa yatsopano ya mu shopu. Zosinthana ma Pokémon pa intaneti zimafuna Nintendo Switch Online yolipira, palinso DLC ya The Teal Mask, gawo lowonjezera logula padera, zonsezo zidikire kaye kwacha ipume.

Mkulu uja ndinakumana naye sabata yatha pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, anandipatsa K10,000 nkuti yotsalayo kumapeto kwa mwezi. Sananene mwezi wake uti.